Kupangitsa Pulogalamu ya pa Foni: Kodi Mudikire Mapeto Kapena Muziona Ntchito Ikuyenda?

Kabukuka n'ka yani?

Masiku ano si mabanki ndi makampani akuluakulu okha amene akupangitsa mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta. Banja limene lili ndi golosale pamsika komanso chigayo kumudzi limafuna kudziwa ndalama zimene zalowa tsiku lililonse popanda kungodalira mawu a wogulitsa. Amayi a banki m'khonde safuna kuti masheya ndi ngongole zizingokhala m'kope limodzi, loti likanyowa ndi mvula kapena kudyedwa ndi chiswe mkangano wabuka. Komiti ya sukulu ya mkaka imafuna kudziwa makolo amene alipira fizi ndi amene sanalipire. Wopanga naye sasowa. M'madera ambiri muli mnyamata kapena mtsikana amene anaphunzira za kompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA kapena ku Mzuni, ndipo ena anaphunzira okha pa intaneti. Kawirikawiri amakhala mwana wa m'bale wanu kapena wa mumpingo mwanu momwe.

Kabukuka talembera inu amene mukutulutsa ndalama, ngakhale simunagwirepo kompyuta. Kulemba pulogalamu si ntchito yanu. Yanu n'kudziwa mmene ntchitoyo iyenera kuyendera, kuyambira tsiku logwirizana mpaka tsiku limene anthu ayamba kuigwiritsa ntchito, chifukwa m'pamene ndalama zambiri zimathera. Wopanga akhoza kukhala waluso ndi wokhulupirika, inu n'kumulipira bwinobwino, koma chimene wabweretsa osathandiza munthu ndi mmodzi yemwe.

Musanapite patali, dzifunseni ngati pulogalamu ikufunikadi. Nkhani zambiri za pakhomo zimatheka ndi kope lolembedwa mwaukhondo, kapena ndi Excel ngati alipo woidziwa. Ngati mwayesa zimenezi ndipo zakuchepelani, pitirizani kuwerenga.

Njira yoyamba: kumaliza gawo lina musanayambe linzake

Anthu ambiri akamaganiza za ntchito yopangitsa chinthu amaganiza motere: mwini ntchito anene zonse zimene akufuna, zilembedwe, asainirane. Kenako wopanga ajambule mapulani a pulogalamu yonse. Mapulani akatha alembe pulogalamuyo. Akamaliza aiyese, n'kudzaipereka. Gawo lililonse limadikira kuti linzake lithe, ndipo kubwerera m'mbuyo kumaonedwa ngati kulephera. Akatswiri amaitcha njirayi waterfall.

Amene amatchulidwa kwambiri pa njirayi ndi Winston Royce, injiniya wa ku America amene ankagwira ntchito ku kampani ya TRW. Mu 1970 analemba nkhani yofotokoza mmene mapulogalamu akuluakulu amapangidwira, ndipo anajambula magawowa motsatizana. Chodabwitsa n'choti m'nkhani yomweyo anachenjeza kuti kutsata magawowa kamodzi kokha n'koopsa, popeza kuyesa kumabwera kumapeto, nthawi imene kukonza cholakwika kumafuna kugumula zambiri. Iye analangiza kuti ntchito izichitidwa kawiri, koyamba kukhale kophunzirirapo, ndiponso kuti mwini ntchito azikhala nawo pafupi. Anthu anatola chojambulacho, chenjezo n'kulisiya. Mu 1985 unduna wa za chitetezo ku America unatulutsa malamulo opangira mapulogalamu amene anakankhira makampani ku njira imeneyi, ndipo anadzawasintha mu 1994.

Njirayi ili ndi chikoka chake, tisainyoze. Mumadziwiratu mtengo, mumadziwiratu tsiku, ndipo pepala limene mwasainirana limakutetezani wopanga akayamba kuzemba. Vuto lake lagona pa chinthu chimodzi: imafuna kuti inu mudziwe zonse zimene mukufuna pa tsiku loyamba, tsiku limene mukudziwa zochepa kuposa masiku ena onse a ntchitoyo. Munthu amene sanaonepo pulogalamu ya banki m'khonde sangathe kuifotokoza yonse ndi pakamwa. Zambiri zimene amachita pa tsiku la msonkhano anazizolowera moti sazikumbukira n'komwe akafunsidwa.

Izi sizigwera anthu osaphunzira okha. Bungwe lofufuza milandu la ku America, FBI, linapangitsa pulogalamu yosungira mafailo a milandu yotchedwa Virtual Case File. Zofunika zinalembedwa m'zikalata zochindikala, kampani inapita kukagwira ntchito, ndipo itabweretsa pulogalamuyo kumapeto kwa 2003 zinapezeka kuti siikanatheka kugwiritsidwa ntchito. Mu 2005 anaitaya, madola pafupifupi 170 miliyoni atapita. Anayambanso ina yotchedwa Sentinel mu 2006, nayonso inayamba kudya ndalama ntchito ili pakati. Mu 2010 FBI inatenga ntchitoyo m'manja mwake, inachepetsa anthu, n'kuyamba kupanga kachigawo kakang'ono n'kukaonetsa masabata awiri aliwonse. Sentinel inayamba kugwira ntchito mu 2012.

Njira yachiwiri: kupanga pang'ono, kuyesa, kukonza, kuwonjezera

Telala wodziwa ntchito mukamupatsa nsalu ya suti ya ukwati sasoka zonse n'kukuitanani m'mawa wa tsiku la ukwati. Amakuyezani, amadula, amalumikiza ndi ulusi wongogwirizira, n'kukuuzani kuti mubwere mudzayese. Mukavala m'pamene mumazindikira kuti phewa likuthina ndipo mkono watalika, zinthu zimene simukanazinena poyamba chifukwa munali musanavale. Komabe telala yemweyo pa kudula sachita chibwana. Amayeza kawiri, podziwa kuti nsalu ikadulidwa yadulidwa. Pa ntchito ya pulogalamu palinso zinthu zoyesa n'kusintha, ndi zinthu zofunika kulingalira mofatsa musanayambe. Tiyambe ndi zoyesazo.

Pa njira yachiwiriyi wopanga sakulonjezani chinthu chonse pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Amatenga chosowa chimodzi, chachikulu kuposa zonse, n'kuchipanga kuti chigwire ntchito m'sabata imodzi kapena ziwiri. Amabwera nacho, anthu enieni amene adzachigwiritse ntchito amachiyesa, zolakwika zimaoneka, amakonza, n'kutenga chosowa chotsatira.

Maganizowa ndi akale ndithu, koma anatchuka kwambiri mu February 2001, pamene anthu 17 opanga mapulogalamu anakumana ku Snowbird m'chigawo cha Utah ku America. Pakati pawo panali Kent Beck, Martin Fowler, Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland. Anatulutsa chikalata chachifupi chimene chinafalitsa dzina lakuti agile. Mfundo zawo zinali zoti pulogalamu imene ikugwira ntchito imaposa mulu wa mapepala oifotokoza, kuti kukhala pansi ndi mwini ntchito kumathandiza kuposa kukokana pa mawu a m'pangano, ndiponso kuti zinthu zikasintha ndi bwino kusintha nazo m'malo moumirira pulani yakale. Schwaber ndi Sutherland ndi amenenso anakonza dongosolo lotchedwa Scrum, limene analifotokoza poyera mu 1995. Pa Scrum ntchito imagawidwa m'nyengo zifupizifupi zosapitirira mwezi umodzi, gulu limakumana kwa mphindi 15 tsiku lililonse, ndipo kumapeto kwa nyengo iliyonse amaonetsa chimene chatheka. Wopanga wanu akamatchula mawu akuti sprint, akunena nyengo zimenezi.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Kenya. Ambiri timadziwa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni imene inatsegula khomo la ntchito ngati za Airtel Money ndi TNM Mpamba. Koma poyamba siinapangidwire kutumizirana ndalama. Vodafone ndi Safaricom anaiyesa mu 2005 m'dera la Thika, mogwirizana ndi bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu Kenya, n'cholinga choti anthu azibwezera ngongole pa foni. Poyang'ana mmene anthu ankaigwiritsira ntchito, anaona zimene sanaziyembekezere. Ena ankatumizira abale awo ndalama. Ena ankalipirana pa malonda. Ena ankaikamo ndalama ponyamuka ulendo n'kukazitapa akafika, poopa akuba panjira. Opangawo anamvera zimene anaonazo, ndipo pamene M-Pesa inkakhazikitsidwa mu March 2007, uthenga wake waukulu unali wotumiza ndalama kumudzi. Akanati atseke chitseko zaka ziwiri n'kumapanga zimene zinalembedwa poyamba, akanatulutsa chinthu cholondola malinga ndi pepala, koma chosiyana ndi chimene anthu ankachisowa.

Mmene mungachitire pa gulu kapena pa banja lanu

Tiyerekeze kuti ndinu a banki m'khonde ndipo mwagwirizana ndi mtsikana wina wa m'dera lanu kuti akupangireni pulogalamu.

Choyamba sankhani munthu mmodzi woyankhula m'malo mwa gulu. Mmodzi, osati komiti yonse. Wapampando akamuuza wopanga china Lolemba, msungichuma china Lachitatu, mlembi chinanso pa WhatsApp usiku, mtsikanayo adzasokonezeka ndipo mlandu mudzaupereka kwa iye pomwe wolakwa ndi inu. Kambiranani monga gulu, koma mawu otsiriza atuluke pakamwa pamodzi. Munthuyo akhale amene amagwira kope sabata ndi sabata, osati amene ali ndi udindo waukulu chabe. Akhalenso ndi nthawi, chifukwa njirayi imadya nthawi ya mwini ntchito.

Kenako lembani zosowa zanu m'mawu anu a tsiku ndi tsiku, chilichonse pa kapepala kake. "Mlembi alembe masheya amene munthu wagula." "Msungichuma aone amene ali ndi ngongole ndi tsiku lobweza." "Membala adziwe ndalama zake osafunsa munthu." "Tiwerengere zogawana kumapeto kwa chaka." Mukatero sanjani timapepalato, chofunika kwambiri pamwamba. Apa padzakhala kukangana pang'ono, ndipo n'kwabwino kukangana tsopano ndalama zisanatuluke. Musalole kuti zonse zikhale zoyamba. Funso lothandiza ndi ili: ndalama zitatithera titangopanga chinthu chimodzi, n'chiti chimene chingatithandizebe?

Wopanga asanakhudze kompyuta, ajambule pa pepala mmene foni idzaonekere: batani ili apa, dzina apa, ndalama apa. Aike pepalalo patsogolo pa mlembi n'kunena kuti, "Amayi, tayerekezani kuti iyi ndi foni. Mayi uja wagula masheya atatu. Mudina pati?" Akatero akhale chete n'kumayang'ana chala. Asawathandize, asawafotokozere. Chala chikazengereza kapena chikapita polakwika, vuto si amayiwo, ndi chojambulacho. Kufufuta ndi labala n'kujambulanso kumatenga mphindi zochepa, pomwe kukonza chinthu chomwecho pulogalamu italembedwa kungatenge masiku. Katswiri wina wochokera ku Denmark, Jakob Nielsen, analangiza mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumaonetsa mavuto ambiri, ndipo ndi bwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi chikhamu. Pa asanuwo musasankhe achinyamata okhaokha ozolowera Facebook. Muikepo agogo amene maso ayamba kuvuta, ndi mayi amene sukulu analekezera ku pulayimale.

Pakatha masabata awiri wopanga abwere ndi kachigawo koyamba, kolembera masheya basi, ndipo mukayese pa msonkhano weniweni. Kope musalisiye. Mlembi alembe m'kope monga mwa nthawi zonse, wina alembe pa foni, pomaliza muyerekeze. Apa m'pamene zobisika zimatulukira. Mupeza kuti pagulu pali amayi awiri a dzina limodzi. Mupeza kuti wina sanabwere koma watumiza mwana ndi ndalama. Wina wapereka theka, akuti theka linalo atumiza pa Mpamba madzulo. Wina wachedwa ndipo akuyenera kupereka chindapusa, chimene sichilowa m'masheya koma m'thumba lina. Mlembi walemba 5,000 m'malo mwa 500 ndipo palibe pobwezera. Palibe amene akanakumbukira zonsezi pa tsiku logwirizana, ngakhale kuti zimachitika mwezi ndi mwezi. Wopanga akaziona ndi maso ake amazimvetsa kuposa akanaziwerenga pa pepala.

Ndikulimbikitsa kwambiri kuti mtsikanayo akhale nawo pa msonkhano wanu ngakhale kamodzi asanayambe ntchito, angokhala pamphasa n'kumaonerera. Opanga mapulogalamu ambiri amakhala m'tauni, ali ndi foni yamphamvu ndi netiweki yabwino, ndipo saganiza kuti foni ya mlembi ili ndi galasi losweka, yadzaza ndi zithunzi, ndipo amatchajitsa pa okala kamodzi pa masiku awiri.

Kuti aliyense aziona pamene ntchito yafika, tengani chipepala chachikulu kapena bolodi, mugawe patatu: zodikira, zimene zikupangidwa, zimene zatha. Timapepala tija tizisuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja. Njira imeneyi, yotchedwa kanban, inachokera ku mafakitale a Toyota ku Japan, ndipo opanga mapulogalamu anaitengera. Lamulo lake lofunika n'loti pakati pasamakhale timapepala tambiri nthawi imodzi. Wopanga amene wayamba zinthu zisanu ndi chimodzi osamalizapo n'chimodzi chomwe adzakuuzani mwezi ndi mwezi kuti watsala pang'ono. Ndipo mugwirizane tanthauzo la mawu akuti "zatha". Chinthu chatha pamene mlembi wachigwiritsa ntchito pa foni yake, pa msonkhano, popanda wopanga kumugwira dzanja. Kugwira ntchito pa laputopu ya wopanga sikuwerengedwa.

Zimene muyenera kugwirizana ntchito isanayambe

Pali zinthu zina zoti mukazisintha pakati pa ntchito zimagwetsa zonse. Izi zifunika kuzikambirana mpaka zipse, n'kuzilemba.

Mafoni a anthu anu ndi otani? Ngati ambiri ali ndi mafoni a mabatani, pulogalamu ya Android idzathandiza mlembi ndi msungichuma okha, ndipo ena onse mudzafunika kuwafikira ndi mauthenga a SMS, amene ali ndi mtengo wake. Kodi kumene mumakumanako netiweki imagwira? Ngati imavuta, pulogalamu iyenera kupangidwa kuyambira pachiyambi kuti izigwira ntchito popanda intaneti, n'kumatumiza zolembedwa netiweki ikapezeka. Kuwonjezera zimenezi pambuyo n'kovuta ndipo n'kodula.

Malamulo a ndalama nawonso si oyesera. Chiwongoladzanja mumachiwerengera bwanji? Munthu akalephera kubweza pa tsiku lake chimachitika n'chiyani? Thumba la zadzidzidzi limalowa nawo pogawana kapena ayi? Ngati pagulu simunamvane pa mfundozi, pulogalamu siidzakuyanjanitsani. Wopanga adzangosankha yekha, ndipo mudzazindikira pa tsiku logawana. Mupatseni zitsanzo zowerengedwa kale pamanja kuchokera m'kope la chaka chatha, kuti ayesere ngati pulogalamu ikutulutsa manambala omwewo. Mtundu wa batani mukhoza kuusintha kakhumi, koma masamu a ndalama za anthu ayenera kukhala olondola kuyambira tsiku limene mwayamba kuwadalira.

Kenako pali nkhani ya chinsinsi, imene mabanja ambiri saiganizira. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ya bambo ndi mayi. Uthenga wonena kuti mayi ali ndi masheya akutiakuti, kapena ngongole yakutiyakuti, ukafika pa foni yotereyo ukhoza kuyambitsa nkhani m'banja. Funsani mamembala ngati akufuna kulandira mauthenga otero musanawatumize. Mayina, manambala a foni ndi mbiri ya ngongole za anthu si zinthu zoti wopanga azionetsa anzake kapena kuziika pa intaneti pofuna kudzitsatsa. Ku Malawi kuli lamulo la mu 2024 loteteza mbiri za anthu zoterezi, choncho si nkhani ya ulemu wokha.

Funsaninso kuti foni ya mlembi ikabedwa kapena kugwera m'madzi, zolembedwa zidzapezeka kuti. Wopanga akayankha, muuzeni akuonetseni. Atenge foni ina n'kubwezeretsamo zonse inu mukuona.

Kumene njira yachiwiri imapunthwa

Ndanena zabwino zambiri za kupanga pang'onopang'ono, ndipo ndi njira imene ndingalangize banja kapena gulu laling'ono. Koma si mankhwala a matenda onse. Ntchito imene inatchukitsa njira ya agile ya Kent Beck uja inali ya pulogalamu yolipirira antchito ku kampani ya magalimoto ya Chrysler. Beck anayamba kuitsogolera mu 1996, ndipo mu 1997 inayamba kulipira antchito ena. Komabe siinafike polipira onse amene inayenera kuwalipira, ndipo mu 2000 inaimitsidwa. Choncho ngakhale akatswiri eni akewo ntchito inawakanikapo.

Vuto limene mungakumane nalo pakhomo ndi ntchito yopanda mapeto. Nthawi iliyonse wopanga akabwera, wina amati, "Bwanji tiwonjezereko chakuti?" Maganizo atsopano si oipa, koma alembedwe pa kapepala n'kulowa pamzere ngati anzake. Akafuna kukwera pamwamba, china chitsike. Ikani malire a ndalama ndi a nthawi, ndipo mukafika pamalirewo imani ndi zimene zatheka. Ubwino wosanja zofunika pamwamba umaonekera pamenepa, chifukwa zotsala zimakhala zimene mungathe kukhala popanda izo.

Palinso opanga ena amene amabisala m'njirayi. Mukafunsa mtengo amati sitingadziwe, mukafunsa tsiku amati tiona. Kumeneko si kupanga pang'onopang'ono, n'kusowa dongosolo. Wotsata njirayi moona amakuuzani chimene mudzaone pakatha masabata awiri ndi mtengo wake, ndipo tsikulo likafika amabwera ndi chinthu chogwirika. Akabwera chimanjamanja kawiri kotsatizana, khalani naye pansi musanaperekenso ndalama.

Ntchito ikachedwa, maganizo oyamba amakhala oti tipeze anyamata ena amuthandize. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yaikulu ya mapulogalamu ku IBM m'zaka za m'ma 1960, anafotokoza m'buku lake la mu 1975, The Mythical Man-Month, kuti kuwonjezera anthu pa ntchito yochedwa kumaichedwetsa kwambiri. Obwera kumene amafunika kuphunzitsidwa ndi yemwe uja ali wotanganidwa kale, ndipo anthu akachuluka kumvana kumavuta. Pakati pa anthu atatu pali njira zitatu zokambirana awiriawiri, pakati pa anthu asanu pali 10, pakati pa anthu khumi pali 45. Njira yabwino n'kuchepetsa zimene mukufuna, osati kuchulukitsa manja.

Wojambula ndi wolemba pulogalamu

Nthawi zina opanga amakhala awiri: wina wokonza maonekedwe ndi mmene munthu aziyendera m'pulogalamu, wina wolemba zimene zimaiyendetsa mkati. Pa njira yoyamba ija, wojambula amamaliza zonse n'kupatsira mnzake, iye n'kupita ku ntchito ina. Wolembayo akapeza kuti chojambulacho n'cholemera moti foni yotsika mtengo siingachikwanitse, amasintha yekha mwakachetechete, ndipo chotuluka sichikhala cha aliyense. Awiriwa azigwirira limodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, wojambula ali patsogolo pang'ono, ndipo pa tsiku loyesa onse abwere.

Mawu a pa foni musawasiyire iwo okha. Ngati anthu anu amayankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, mawuwo akhale amene mumagwiritsa ntchito pa msonkhano. Ngati mumati "kugula masheya", pa batani palembedwe zomwezo. Mlembi wanu ndi amene akudziwa mawu oyenera kuposa wina aliyense.

Malipiro ndi pangano

Ngakhale wopangayo ndi mwana wa achemwali anu, lembani pangano. Kulemba si kumukayikira, n'kuteteza chibale. Pangano likhale lalifupi, m'chiyankhulo chimene nonse mukumva, ndipo pakhale mboni.

Musalipire zonse poyamba, komanso musamuuze kuti adikire mpaka mapeto, chifukwa naye amagula bandulo ndipo amadya. Perekani kachiyambi, zotsalazo muzipereka chigawo chilichonse chikatha m'tanthauzo lija mwagwirizana. Mukatero, ntchito ikaimira panjira mumatsala ndi zigawo zimene zikugwira ntchito, ndipo naye amakhala atalandira za thukuta lake.

M'panganomo mulembe kuti zolembedwa zonse za pulogalamu, zimene iwo amati source code, ndi za ndani, ndipo muzilandira kope lake nthawi iliyonse mukalipira. Maakaunti onse, kaya ndi a Google Play kapena a seva imene ikusunga zolembedwa zanu, atsegulidwe m'dzina la gulu kapena la bizinesi, ndipo mapasiwedi asungidwe ndi anthu awiri odalirika. Achinyamata aluso amapeza ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Johannesburg, ndipo n'zoyenera kuti apite. Akapita, wina azitha kupitiriza pamene iye analekezera.

Funsaninso za ndalama zimene zizituluka ntchito itatha. Seva imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, nthawi zambiri m'madola, ndipo kwacha ikagwa mtengowo umakwera. Mauthenga a SMS amalipiridwa. Android imasintha, ndipo pulogalamu imene ikugwira bwino lero idzafunika kukonzedwa mtsogolo. Gwirizanani kuti zolakwika zopezeka m'miyezi yoyamba adzakonza popanda malipiro ena kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo kupitirira apo mtengo wake ndi wotani. Ndalama zimenezi zilowe m'bajeti ya gulu kapena ya bizinesi.

Kope lipitirire kulembedwa limodzi ndi foni mpaka mutadutsa nyengo yonse ya ntchito yanu. Kwa a golosale ndiye kuti mpaka kuwerengera katundu kwa kumapeto kwa mwezi kutagwirizana kangapo. Kwa a sukulu ya mkaka, teremu yathunthu. Kwa a banki m'khonde, mpaka tsiku logawana, pamene manambala a pa foni ndi a m'kope ayenera kufanana kwa membala aliyense. Akasiyana, musagawe ndalama mpaka mutapeza pamene pasiyanitsa, ndipo wopanga akhalepo tsiku limenelo.